Wotchi ya mu situdiyo ndi zisudzo za nthano za sayansi ku Britain

M'chaka cha 2009 magazini ya Doctor Who Magazine inapempha owerenga kuti asanje nkhani zonse 200 za Doctor Who, sewero la pa TV la BBC la nthano za sayansi, kuyambira yokoma koposa mpaka yoipitsitsa. Pamwamba panakhala The Caves of Androzani, pansi penipeni panagwera The Twin Dilemma. Ziwirizi zinaonetsedwa motsatizana m'mwezi umodzi, Malichi 1984. Pulodyusa anali yemweyo, mkonzi wa zolemba yemweyo, masitudiyo omwewo a ku Television Centre. Mphika umodzi, koma chipande china chosalala, china mibulu yokhayokha.

N'chifukwa chake mkangano wa masewero amenewa sutha. Ena amati azisudzo ake amangofuula ndi kutong'ola maso, makoma amagwedera, zilombo n'zamphira. Ena amati kulibe kwina kumene mungamve anthu akubayana ndi mawu akuthwa ngati mmenemo. Onse akunena zoona, ndipo zonsezo zinatuluka m'kajambulidwe ka BBC.

Tiyambire pa The Quatermass Experiment, magawo 6 amene Nigel Kneale analemba ndipo Rudolph Cartier anatsogolera kuyambira pa 18 Julaye 1953. Ankaulutsa pompopompo kuchokera ku Alexandra Palace ndi makamera olemera a m'ma 1930. Gawo loyamba likuuluka, Kneale anali asanamalize kulemba omalizira. Kuulutsa pompopompo kumamanga mlembi manja m'njira zimene woonera saziganizira. Munthu amene wamaliza kulankhula m'chipinda ichi sangatsegule chigawo chotsatira m'chipinda china, chifukwa akufunika masekondi oti athamange, adumphe zingwe za makamera, mwinanso asinthe jekete. Ndiye mlembi amaika pakati anthu ena awiri akucheza, kapena kachidutswa ka filimu kojambuliratu. Macheza ambiri amene lero amaoneka otayitsa nthawi anali mlatho woti mnzawo awolokerepo. Ndalama za chilombo panalibe. Kneale anamata masamba pa magolovesi, n'kupisa manja ake pa chithunzi chachikulu cha mkati mwa tchalitchi cha Westminster Abbey, namagwedeza zala pang'onopang'ono. Mantha otsalawo anawasenza Reginald Tate ndi Duncan Lamont pa nkhope zawo.

Doctor Who atayamba pa 23 Novembala 1963, tepi yojambulira inali itafika, koma kachitidwe kanali kakale komweko. Sydney Newman, mkulu wa masewero, anapereka ntchitoyi kwa Verity Lambert wa zaka 27 ndi dayilekita Waris Hussein wa zaka 24, ndipo anawapatsa Studio D ku Lime Grove, chipinda chothina ndi chotentha. Azisudzo ankayamba n'kuwerengera limodzi mawu a gawolo, kenako masiku anayi akuyeserera m'holo yobwereka, makoma ndi zitseko atangozilemba pansi. Lachisanu ndi pamene ankaponda bwalo lenileni koyamba. Usana wonse unkathera pa makamera, kuti aliyense adziwe poima. Madzulo ankajambula gawo la mphindi 25 m'nthawi yongopitirira pang'ono ola limodzi, motsatira nkhani kuyambira kumutu mpaka kumchira, makamera angapo akugwira ntchito nthawi imodzi, wina m'chipinda cha m'mwamba akusankha chithunzi choti chilowe pa tepi.

Tepiyo inali ya mainchesi awiri m'lifupi, yokwera mtengo, ndipo kukonza cholakwika kunali kuidula ndi lezala n'kuilumikiza. Tepi yodulidwa sinkadaliridwanso pa ntchito ina, choncho pulodyusa ankaloledwa kudula malo owerengeka okha. Wosewera akaphonya mawu, bola sanagwe kapena kutukwana, kamera inkangopitirira. William Hartnell, woyamba kusewera mbali ya Doctor, mwininkhani wa sewerolo, m'nkhani yoyamba ya zilombo zotchedwa ma Dalek anatchula magolovesi pamene ankafuna kunena mankhwala, nadzikonza yekha pomwepo, ndipo dziko lonse linamva choncho. Anthu amaseka, koma taonani mtolo umene anasenza: magawo 42 m'chaka choyamba chokha, mawu atsopano sabata iliyonse, ambiri mwa iwo mayina a zipangizo zomwe kulibe. Pofika 1966 matenda a mitsempha ya magazi anali atayamba kumuiwalitsa, ndipo mavuto amenewa ndiwo anabala nzeru yoti Doctor azisintha thupi, Patrick Troughton n'kulowa.

Kufuula kuja nakonso kuli ndi kwawo. Pafupifupi onse anakulira pa siteji, m'magulu a zisudzo a m'matauni amene ankasintha sewero sabata iliyonse, kumene mawu amayenera kukafika kwa wokhala mpando wakumbuyo. Kunyumba woonera anali ndi kabokosi ka zithunzi zakuda ndi zoyera, ka mizere 405, moti kuphethira kwa diso sikunkaoneka. Maikolofoni inkalendewera pa mtengo wautali pamwamba pa mitu. Ukanong'ona mawu atayika, akautsitsa mtengowo mthunzi wake uonekera pakhoma. Ndipo gawo lililonse linkathera pa ngozi, kamera ili pamphuno, wosewerayo n'kuumitsa nkhope ya mantha masekondi angapo kudikira kuti mayina ayambe kuyenda. Tayesani nokha pa galasi muone ngati simuoneka chitsiru.

Alembi anali pa goli lomwelo. Ankauzidwiratu chiwerengero cha zipinda, cha anthu olankhula ndi cha mphindi zojambula panja. Wosewera akapita ku tchuthi, mlembi ankamukomola kapena kumutsekera m'ndende. Mu The Celestial Toymaker ya 1966, Doctor anasandutsidwa wosaoneka ndi wosalankhula kuti Hartnell akapume. Kugwidwa, kuthawa, kugwidwanso, kuthamanga m'likole lomwelo atangolitembenuzira kwina, zonsezi zinali njira zodzazira mphindi popanda kumanga chipinda chatsopano. Terrance Dicks ndi Malcolm Hulke analemba magawo 10 a The War Games mu 1969 akuthamanga, chifukwa nkhani zimene zinayenera kudzaza masabata amenewo zinali zitagwa.

Kuweruza zaka zimenezi n'kovutanso chifukwa BBC inafufuta matepi ake, ndipo magawo oposa 90 sapezeka. Inkagulitsa makope a filimu ku mawailesi a kunja, a ku Zambia ndi ku Nigeria omwe, ndipo ena mwa makope otere ndiwo anapulumuka. Mu 2013 magawo 9 anatulukira ku Jos, m'dziko la Nigeria. The Enemy of the World, imodzi mwa nkhani zopezekazo, imene ambiri ankaiyesa yozizira pongoona gawo limodzi lotsala, inakwera mbiri anthu ataona Troughton akusewera anthu awiri, Doctor ndi wankhanza Salamander.

Zithunzi zamitundu zitabwera mu 1970, masiku oyeserera anawonjezeka, koma kunabwera mdani wina. BBC inayamba kuimika munthu patsogolo pa nsalu ya buluu kapena yachikasu n'kulowetsa chithunzi china kumbuyo kwake, njira imene ankaitcha CSO. Kuitchera kunkadya nthawi, ndipo magetsi akalakwika tsitsi linkazunguliridwa ndi mzere wonyezimira, kapena mwendo n'kuzimirira. Pamwamba pa izo, 10 koloko usiku ntchito inkatha, malinga ndi mgwirizano wa BBC ndi mabungwe a ogwira ntchito. Kupitirira ndi mphindi zochepa kunkafuna chilolezo ndi ndalama za ovataimu. Ndiye zamatsenga zija zikadya madzulo onse, chigawo cha imfa kapena cha kutsanzikana, chimene azisudzo anachinola masiku ambiri, chinkajambulidwa kamodzi kokha, kapitawo maso ali pa wotchi.

Wopulumutsa zinthu anali mkonzi wa zolemba, amene nthawi zambiri ndiye ankalembanso sewero lonse. Robert Holmes, amene anagwira udindowu kuyambira 1974 mpaka 1977, ankadziwa kuti anthu awiri akunyozana m'chipinda sadya ndalama, ndipo nkhani zake n'zodzaza ndi akathyali oyenda awiriawiri. Mu The Ark in Space ya 1975, dzanja la munthu amene akusanduka chilombo ndi pulasitiki ya matuza yokutira katundu, yopakidwa penti wobiriwira. Aliyense akuiona kuti ndi pulasitiki. Koma Kenton Moore akulimbana ndi dzanja lakelo, kulimenyetsa, kuliyang'ana monyansidwa, mpaka woonera n'kuyamba kumumvera chisoni.

Kuti ndalama si mankhwala a zonse, umboni ndi Space: 1999 ya Gerry ndi Sylvia Anderson, ya 1975. Inajambulidwa pa filimu ya 35mm ku masitudiyo a Pinewood ndi thumba la kampani ya ITC ya Lew Grade, ndipo panthawiyo kunalibe sewero la pa TV la ku Britain lodya ndalama kuposa limeneli. Zombo zake n'zokongola mpaka lero. Koma Martin Landau ndi Barbara Bain, amene anatengedwa ku America kuti seweroli likagulike kumeneko, anapatsidwa mawu ouma, ndipo onyoza ankawafanizira ndi zidole za masewero akale a Anderson. Blake's 7 inali mbali inayo. Inayamba pa 2 Januwale 1978, Star Wars itangofika kumene ku London, ndi bajeti yotengera sewero la apolisi limene inalowa m'malo mwake. Terry Nation analemba yekha magawo onse 13 a chaka choyamba, mkonzi wa zolemba Chris Boucher n'kumawadzaza ndi kuwanola. Mapulaneti ambiri anali kwale yophwanyira miyala. Chimene anthu amakumbukira ndi lilime la Avon m'kamwa mwa Paul Darrow ndi kumwetulira koopsa kwa Servalan wa Jacqueline Pearce. Kunena zoona, pofika chaka chachinayi Darrow anali akuthira mchere wopitirira muyeso, ndipo apa wotchi sitingainamizire.

M'ma 1980 njira yakaleyi inayamba kuonekera ng'amba, chifukwa oonera anali ataona kale zimene mafilimu a ku America angachite. Nkhani ya Doctor Who ya Warriors of the Deep ya 1984 inataya milungu iwiri yokonzekera pamene Margaret Thatcher anaitanitsa chisankho cha 1983 ndipo masitudiyo anafunika pa ntchito ya chisankhocho. Chilombo chake, Myrka, chinalowa mu situdiyo penti asanaume, anthu awiri mkatimo asanachiyeserereko, ndipo chinapaka zobiriwira pa zovala za Janet Fielding, wosewera mbali ya mnzake wa Doctor. Mlembi Johnny Byrne ankaganiza za malo amdima a pansi pa nyanja, koma anawalitsa magetsi ngati m'chipatala, msoko uliwonse wa chilombocho n'kuonekera.

Patangopita miyezi iwiri kunabwera ziwiri zija. Androzani inalembedwa ndi Holmes. Dayilekita Graeme Harper anatsika m'chipinda cha m'mwamba n'kukaima pansi pakati pa azisudzo, anachepetsa magetsi, anaika kamera paphewa, ndipo anapereka mbali ya Sharaz Jek kwa Christopher Gable, katswiri wakale wa gule wa ballet, amene ankatha kulankhula ndi thupi nkhope ili m'chigoba. Nayenso nthawi inamuthera, koma anathera pa zoyenera. The Twin Dilemma zolemba zake zinachedwa, mkonzi wa zolemba Eric Saward anazikonza mothamanga, mbali za mapasa zinapatsidwa anyamata osazolowera kamera, ndipo Doctor watsopano, Colin Baker, anamuveka chijasi cha mitundumitundu n'kumuuza kuti akanyange pakhosi mnzake woyenda naye m'gawo loyambirira lenilenilo. Izi sizinali za wotchi kapena za thumba. Anthu anakhala pansi n'kusankha choncho. Pulodyusa John Nathan-Turner ankakondanso kuitana anthu otchuka ndi nthabwala, monga Ken Dodd mu 1987, zimene zinkakoka manyuzipepala koma n'kumasokoneza oonera kuti aseke kapena aope.

Michael Grade, mkulu wa BBC1 amene sankabisa kuti sewerolo silimusangalatsa, analiimitsa miyezi 18 mu 1985. Litabwerera mu 1986 kunali chipwirikiti. Holmes anamwalira mu Meyi asanamalize nkhani yotsekera chaka. Saward analemba gawo lomaliza, anakangana ndi Nathan-Turner za mathero ake, n'kuchoka nalo. Pip ndi Jane Baker analemba lina m'masiku ochepa, loya ali pomwepo kuonetsetsa kuti asauzidwe zimene Saward analemba. Colin Baker anachotsedwa. Mkonzi watsopano Andrew Cartmel anayamba kudzutsa zolemba m'zaka za Sylvester McCoy, Doctor wotsatira, koma BBC inali itaika sewerolo nthawi imodzi ndi Coronation Street, sewero lotchuka kwambiri la pa wailesi ya kanema ya ITV, ndipo linatseka pa 6 Disembala 1989.

Russell T Davies atalibwezeretsa pa 26 Malichi 2005 kuchokera ku Cardiff, choyamba kutayidwa chinali kajambulidwe kaja. Tsopano ankajambula ngati filimu, kachidutswa kamodzikamodzi, kubwereza mpaka zitakhala bwino, magawo 13 a mphindi 45 n'kutenga miyezi yambiri. Asanajambule, akuluakulu a zovala, magetsi ndi zomangamanga ankakhala pansi ndi mlembi kugwirizana ngati nkhaniyo ndi yoopsa kapena yoseketsa, kuti za Myrka zisachitikenso. Doctor watsopano, Christopher Eccleston, ankatha kunong'ona n'kumveka. Anthu oposa 10 miliyoni anaonera gawo loyamba, ndipo mu 2006 sewerolo linalandira mphoto ya BAFTA. Chinatayika ndi masiku aja oyeserera limodzi m'holo, ndipo madandaulo anangosintha nkhope: nkhani yomangidwa mphindi 40 n'kumasulidwa m'mphindi zisanu, nyimbo zophimba mawu, anthu olankhula ngati akuthamangitsidwa.

Mu 2008 Davies analemba Midnight m'masiku ochepa, gawo losafuna ndalama zambiri. Pafupifupi nkhani yonse ikuchitikira m'galimoto imodzi ya alendo imene yafa panjira. Chilombo sichioneka n'komwe. Lesley Sharp wangokhala pansi pakona, akubwereza mawu alionse amene ena anena, kenako akulankhulira limodzi ndi David Tennant, Doctor wa nthawiyo, kenako akumutsogolera, Doctor n'kusanduka wobwereza. Apaulendo anzake akuyamba kupangana zomuponya Doctor kunja, ndipo mmodzi mwa iwo, pulofesa wokalamba, ndi David Troughton, mwana wa Patrick Troughton.