Ozoni sali kumwamba kokha

Chaka ndi chaka, kukangotentha mu Okutobala, wina mu minibasi ya ku Limbe amati: "Ozoni wabooka, n'chifukwa chake tikupsa, kuno pansi kulibe ozoni." Zakhala zikunenedwa kalekale, koma si zoona.

Ozoni ndi mtundu wa mpweya. Wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa ali m'mwamba, makilomita pafupifupi 15 mpaka 35, ndipo chibowo chotchukacho chimaoneka ku Antarctica, kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi. Kutentha kwa dziko kukuchokera makamaka ku mpweya wa carbon dioxide.

Pansi pano ozoni aliponso, ndipo ndi woipa. Satuluka mu ekizozi mwachindunji. Amapangika dzuwa likawomba utsi wa magalimoto, wa mafakitale a ku Makata, wa zinyalala ndi wa moto wolusa m'tchire. Tsiku lotentha, lopanda mitambo ndi mphepo, ndiye lake; amachuluka masana, usiku n'kuchepa. Seputembala ndi Okutobala, pamene phiri la Ndirande limabisika mu utsi, ndi nyengo yotere, ngakhale ozoniyo saoneka ndi maso. Mvula ndi chiperoni zikabwera, amatsika. Nyengo ikamatentherabe, masiku omuyenerera amachulukanso. Ozoni wa pansiyu amakanda pakhosi, amautsa mphumu, amawononga masamba a soya ndi nyemba.

Mutha kuona nokha. Mapulogalamu ena a zanyengo pafoni amaonetsa O3, kutanthauza ozoni. Yerekezani m'mamawa ndi cha m'ma 2 koloko masana. Funsaninso mphunzitsi wa sayansi kapena azaumoyo. Uthenga wa ozoni ukabwera pa WhatsApp osanena kumene wachokera, chonde musautumize ku gulu la banja musanafufuze.