Mandolini yanu ikapanda kumveka, musathamangire choboolera

Ndatopa nawo mawu akuti "Amisiri, kwezani volyumu, mandolini sikumveka." Paukwati ku Moatize, pakwaya ku Ulongwe, dandaulo ndi lomwelo. Vuto si volyumu ayi. Kachipangizo kotola mawu ka piezo kamene mumamata pa buliji (kathabwa kamene nsambo zimatsamirapo) kamafuna polowera pa impedance (kukaniza kwa magetsi) yokwera, 1 megaohm kapena kuposa apo. Inu mumangokalowetsa m'bowo la line pamikisa, lomwe kawirikawiri limakhala cha m'ma 10 kilo-ohm. Mawu onenepa onse amafera pomwepo, n'kutsala tcheketcheke ngati mwana akukanda chitini. Mukakweza, sipika imayamba kuimba mluzu, anthu n'kugwira m'makutu.

Mankhwala ake ndi preamp kapena active DI (timabokosi tokonza mphamvu ya mawu asanalowe m'mikisa) pakati pa chidacho ndi mikisa, ndipo chingwe chochokera ku mandolini chikhale chachifupi. Nsambo yotsikitsitsa, ya G, imalira pa 196 Hz (muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), choncho za pansi pa 150 Hz zidulenipo pamikisa, ndi kugunda kwa dzanja chabe. Maikolofoni imatulutsa mawu okoma kuposa piezo, sindikana, koma ng'oma zikakhala pambali panu idzatolanso phokoso lazo, mudzalira nayo.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi mnyamata wina wa ku Angónia. Anabwera ndi mandolini imene agogo ake anamusiyira, ataikulunga m'chitenje. Wokonza mafoni wina pamsika anamuuza kuti aiikire pickup (chotolera mawu) ya gitala, n'kuboola thabwa lapamwamba, n'kuthirapo super glue. Thabwa limenelo ndi lopyapyala, ndipo limasenza mphamvu ya nsambo 8 zokokedwa zolimba. Kamng'alu kanayamba kakang'ono ngati tsitsi. Iye anapitiriza kuimba miyezi itatu, akuti abwera akapeza ndalama. Pamene ankafika kwa ine buliji inali italowa m'kati, thabwa litaphwa ngati mbale. Ndinangoigwira m'manja, osadziwa chomuuza. Akanabwera sabata yoyamba, ndikanamutumiza kwa mmisiri wa zoimbira kuti aimate, ndipo bwenzi ikulirabe.

Ndiye mukaona mng'alu, masulani nsambo tsiku lomwelo. Musasiyenso chida m'galimoto masana: dzuwa la mu Okutobala kuno ku Tete limapyola madigiri 40, guluu amafewa.

Chinanso, sipika zikamang'ung'udza, wina akakuuzani kuti adule waya wa earth (woteteza kuti magetsi asakugwireni) papulagi ya amplifaya, mukanizeni. Pa DI pali kabatani ka ground lift, ntchito yake ndi yothetsa kung'ung'udzako. Nsambo zanuzo ndi zachitsulo, zala zili ndi thukuta, magetsi athu ndi a 220 volts.