"Ayi" wa mwana wa zaka ziwiri si mwano

Makolo ambiri timaseka tikakumbukira mwana akutcha mbuzi iliyonse kuti galu, kapena atavala nsapato za bambo ake n'kumazikhwekhwereza pakhonde. Koma mwana yemweyo akayamba kuyankha "ayi" pa chilichonse, ngakhale phala limene akulilirira, akuluakulu amati wayamba mwano, alawe kamkwapulo asanazolowere.

Maganizo amenewa ndi olakwika. Kuyambira miyezi pafupifupi 18 mpaka zaka 3, mwana amakhala akuzindikira kuti ndi munthu payekha, wokhala ndi zofuna zake. Mawu ali nawo ochepa, ndiye amangogwira "ayi" poti ndi wachidule ndipo anthu amatembenuka akamumva. Mbali yakutsogolo ya ubongo, yothandiza munthu kudziletsa, imakhala isanakhwime, ndipo imakulabe mpaka munthu atapitirira zaka 20.

Akamaponya sipuni pansi mobwerezabwereza, n'kusuzumira pomwe yagwera kenako n'kukuyang'anani, akufufuza ngati igwenso ndi kulira chimodzimodzi. Zimatopetsa ndithu, makamaka ndiwo zili pamoto. Komabe mkwapulo umangomuphunzitsa mantha.

Mpatseni zinthu ziwiri asankhe: "Uvala malaya ofiira kapena oyera?" Koma akayandikira mbaula, mpeni kapena msewu, mnyamuleni n'kumuchotsapo osakambirana.