Ku Salima kulibe meya

Pamsika wa Kamuzu Road zinyalala zikaunjikana, mumva wina akuti, "Kodi a meya athu ali kuti?" Abale anga, kuno kulibe meya. Mameya ali m'makhonsolo a mizinda monga Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, komanso m'matauni ena monga Kasungu. Salima ndi khonsolo ya boma, ndipo mtsogoleri wake ndi wapampando.

Wapampandoyo sitimuvotera mwachindunji ayi. Ife timasankha makhansala m'mawodi mwathu, kenako khonsolo ndi imene imasankha mmodzi mwa iwo. Ntchito za tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi a DC, omwe ndi olembedwa ntchito ndi boma. Zimandipweteka kuona amayi ogulitsa nsomba akusowa kokadandaula, pomwe khansala wawo amakhala m'dera lomwelo.