Mukufuna kukhala Scrum Master? Mafunso ndi mayankho pa satifiketi za PSM I ndi CSM

Anthu ambiri amene akhala zaka akugwira ntchito m'mabanki, m'makampani a lamya kapena m'mabungwe akufuna kusamukira ku ntchito yotsogolera magulu a Scrum. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Kodi Scrum Master amachita chiyani kwenikweni?

Scrum ndi dongosolo logwirira ntchito pagulu limene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland analifotokoza poyera mu 1995. Malamulo ake ali m'kabuku kakafupi kotchedwa Scrum Guide, kamene anakakonzanso mu Novembala 2020, ndipo kamapezeka kwaulere pa intaneti. Gulu limakhala la anthu 10 kapena kucheperapo. Ntchito amaigawa m'nyengo zotchedwa Sprint, iliyonse yosapitirira mwezi umodzi, ndipo ikatha nyengoyo payenera kukhala chinthu chooneka chimene kasitomala angagwiritse ntchito.

Scrum Master ndiye amaonetsetsa kuti dongosololi likuyenda. Amaphunzitsa gulu, amaona kuti mkumano wa tsiku ndi tsiku usapitirire mphindi 15, ndipo chachikulu amathandiza kuchotsa zopinga. Ngati ntchito yaima masiku angapo chifukwa chikalata chagona patebulo la munthu wina amene sanasaine, iyeyo ndi amene sagona tulo mpaka chituluke.

Ndiye kuti ndi bwana wa gululo?

Ayi. Si kapitawo wogawa ntchito m'mawa ndi kudzawerengera madzulo. Amene amasankha choyamba kuchitidwa ndi Product Owner. Amene amasankha kachitidwe kake ndi ogwira ntchitowo, otchedwa Developers. Ngati chimene mukufuna ndi mpando woti anthu azikuopani, ntchito imeneyi idzakukhumudwitsani msanga.

Ndiyenera kudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta?

Palibe lamulo lotero. Komabe malo ambiri olemba ma Scrum Master ndi opanga mapulogalamu, choncho muyenera kumva zimene anzanu akukamba, apo ayi simudzadziwa ngati vuto limene akudandaula nalo ndi lalikulu kapena ayi.

PSM I ndi CSM zimasiyana pati?

PSM I (Professional Scrum Master I) imaperekedwa ndi Scrum.org, bungwe limene Schwaber anayambitsa mu 2009. Sakukakamizani kupita ku kosi: mumawerenga nokha, kulipira, n'kulemba mayeso pa intaneti. Mafunso alipo 80, nthawi ndi mphindi 60, ndipo kuti mukhoze mufunika malikisi 85 pa 100 alionse. Mukakhoza, satifiketiyo siitha ntchito.

CSM (Certified ScrumMaster) ndi ya bungwe lina lotchedwa Scrum Alliance. Kumeneko kosi ndi yokakamiza, nthawi zambiri ya masiku awiri, yophunzitsidwa ndi mphunzitsi wovomerezedwa ndi bungwelo. Kenako mumayankha mafunso 50 ndipo mufunika kukhoza 37. Satifiketiyi imafunika kuikonzanso zaka ziwiri zilizonse, polipira ndalama komanso kusonyeza kuti mwakhala mukuphunzirabe.

Ndisankhe iti?

Ngati mukulipira m'thumba mwanu, ine ndinganene kuti PSM I. Imatchipa chifukwa mulibe ndalama ya kosi, komanso mayeso ake ndi okhwima moti amakukakamizani kuwerenga Scrum Guide mobwerezabwereza mpaka mutamvetsa. Scrum.org ili ndi mayeso oyeserera aulere otchedwa Scrum Open. Musalipire mayeso enieniwo musanayambe kukhoza onse a oyesererawo mosavutikira. Ngati abwana anu avomera kukulipirirani, CSM ili ndi ubwino wake: mumakhala ndi mphunzitsi woti mumufunse, komanso anzanu ophunzira nawo.

Kwa amene muli ku Malawi, dziwani kuti malipiro amakhala a madola. Funsiranitu ku banki ngati khadi lanu lingalipire kunja, poti ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku zimenezi sizingochitika tsiku limene mwafuna.

Ndikakhoza mayeso, ntchito ndaipeza?

Apa ndi pamene ndimafuna tinene chilungamo. Satifiketi imene munthu angaipeze m'masabata ochepa ili ndi anthu ambirimbiri padziko lonse, ndipo wolemba ntchito ku Johannesburg kapena ku London amadziwa zimenezo. Pa intavyu adzakufunsani kuti munathandizapo gulu liti, linali ndi vuto lanji, ndipo chinasintha n'chiyani.

Choncho yambirani pomwe muli. Ngakhale muli mu ofesi ya zachuma kapena yolemba anthu ntchito, pemphani anzanu asanu kapena asanu ndi mmodzi kuti muyesere kwa miyezi itatu. Lembani ntchito zonse pabolodi m'magawo atatu: zimene sizinayambe, zimene zili m'kati, ndi zimene zatha. Muziwerenga masiku amene ntchito imodzi imatenga kuchokera pamene yapemphedwa kufika pamene yaperekedwa. Mudzaona kuti nthawi yambiri ntchito siikhala ikugwiridwa, imakhala ikudikira munthu wina. Mukachotsa kudikira kumodzi kokha, n'kukhala ndi manambala osonyeza kusinthako, muli ndi nkhani yoti mukanene pa intavyu, ndipo imeneyo ndi yolemera kuposa pepala.

Nanga Kanban, Lean ndi Six Sigma n'zofunika?

Ndi njira zina zoyendetsera ntchito, zapachibale ndi Scrum. Kanban ndi Lean zinachokera ku mafakitale a Toyota ku Japan, kumene Taiichi Ohno analimbikira kuchotsa chilichonse chodya nthawi popanda phindu. Six Sigma inayambira ku Motorola mu 1986 ndipo imadalira kwambiri masamu pochepetsa zolakwika. Ngati mtima wanu uli ku fakitale, kuchipatala kapena kosungira katundu, Lean ndi Six Sigma zingakuyenereni kuposa Scrum. Musatole zonse nthawi imodzi.

Chovuta kwambiri pa ntchitoyi n'chiyani?

Ndi mkumano wotchedwa Sprint Retrospective, umene umachitika kumapeto kwa Sprint iliyonse ndipo sumapitirira maola atatu pa Sprint ya mwezi. Mmenemo gulu limayenera kunena poyera chimene sichinayende bwino. Ife tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino, koma mukafunsa kuti "pali vuto?" chipinda chonse chimangoti zii, kenako madandaulo n'kumakatulukira pakhonde. Ntchito yanu ndi kupeza njira yoti choonadi chituluke popanda kuchititsa munthu manyazi. Aliyense alembe maganizo ake pakapepala kopanda dzina musanayambe kukambirana. Achinyamata ayambe kulankhula, akuluakulu amalize. Funsani kuti ntchito inaima pati, osati kuti anaimitsa ndani. Ndipo musatuluke musanagwirizane chinthu chimodzi choti chisinthe mu Sprint yotsatira, chifukwa anthu akadandaula kawiri katatu popanda chosintha, ulendo wachinayi sadzalankhulanso.