Wobwereketsa ndalama akamagwirira ntchito kunyumba, wobwereka amatetezedwa bwanji?

Kwa zaka zambiri, malamulo oyendetsera makampani obwereketsa ndalama kwa anthu wamba ankayang'ana kwambiri malo ogwirira ntchito. Kampani inkatenga laisensi ya ofesi yake, ndipo m'zigawo zambiri za ku United States nthambi iliyonse inkayeneranso kulembetsedwa payokha. Chifukwa chake chinali chomveka. Woyendera wa boma ankafuna kudziwa khomo loti agogodepo, kabati yomwe muli mafailo, ndiponso bwana woti amufunse wobwereka akadandaula.

Mliri wa COVID-19 utafika mu 2020, maofesi anatsekedwa koma anthu sanaleke kufuna ngongole. Mabungwe a boma oyang'anira makampaniwa anapereka zilolezo zongoyembekezera zoti antchito azigwirira kunyumba. Mliri utachepa, funso linatsala: kodi chipinda chomwe munthu akuyankhiramo makasitomala ndi nthambi ya kampani? Zigawo zingapo zinayankha posintha malamulo. Ku California, lamulo la AB 2001 lomwe linavomerezedwa mu 2022 limalola antchito a makampaniwa kugwirira kutali, koma ndi malire: kasitomala asakumane ndi wantchito kunyumba kwake, ndipo zinsinsi za makasitomala zisasungidwe kumeneko pamapepala.

Ine monga munthu amene ndimaonetsetsa kuti makampani akutsata malamulo, ndimagwirizana ndi kusinthaku. Khoma la ofesi silinatetezepo wobwereka palokha. Chomwe chinkamuteteza ndi maso a oyang'anira, ndipo maso amenewo ndi omwe ayenera kumutsatira wantchito kulikonse komwe wakhala.

Taganizani zomwe munthu amapereka akamapempha ngongole. Chiphaso chake, malipiro ake a pamwezi, nambala ya akaunti, ngongole zina zomwe zikumusowetsa tulo, mwinanso nkhani ya matenda yomwe yamukakamiza kubwereka. Zonsezi zikaonekera pa kompyuta yomwe ili pabalaza, mlendo wodutsa akhoza kuziwerenga, mwana akhoza kudina pomwe sayenera kudina, ndipo foni yam'manja imajambula chithunzi m'kamphindi popanda wina kuona. Wakuba akapeza zinthuzi amatenga ngongole m'dzina la mwini wake, ndipo kuyeretsa dzina loti laipitsidwa chonchi kumatenga nthawi yaitali. N'chifukwa chake malamulo abwino amafuna kuti wantchito azigwiritsa ntchito zipangizo zotetezedwa, azilowa mu kompyuta za kampani kudzera pa VPN (njira yotetezedwa yolumikizirana pa intaneti), ndipo pasiwedi yokha isamakwane. Bungwe la boma la United States loteteza ogula la Federal Trade Commission linakhwimitsa lamulo lake la Safeguards Rule, moti kuyambira June 2023 makampani azachuma omwe si mabanki ayenera kubisa uthenga wa makasitomala mwaukadaulo komanso kutsimikizira wolowa aliyense m'njira zingapo.

Pali vuto lina lomwe silikambidwa mokwanira, ndipo ineyo ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri. Mu ofesi, wantchito akamaopseza munthu amene wachedwa kubweza, kapena akamabisa chiwongoladzanja chenicheni kuti wobwereka asaine msanga, anzake amamva. Kunyumba palibe womumva. Kampani yoganiza bwino imaletsa kuimbira makasitomala pa foni yaumwini kapena kuwalembera pa WhatsApp yake, imajambula mawu a zokambirana ngati lamulo likulola, ndipo imakhala ndi munthu womvetseradi zojambulidwazo. Kujambula popanda womvetsera sikupulumutsa aliyense.

Ku Britain, bungwe loyang'anira makampani azachuma la Financial Conduct Authority linanena mu 2021 kuti kugwirira ntchito kutali kusalepheretse kuyang'anira, ndipo oyendera ake akhoza kufika kulikonse komwe ntchito ikuchitikira, ngakhale panyumba. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa wantchito nayenso ali ndi banja ndi ufulu wake. Ayenera kuuzidwa zimenezi asanavomere kugwirira kunyumba, osati kudzidzimuka tsiku lomwe oyendera afika.

Kwa inu obwereka, wokuimbirani akakhala kunyumba kwake, ufulu wanu suchepa. Mlandu wa zomwe wantchitoyo wanena kapena zinsinsi zanu zomwe wataya umagwera kampani yomwe ili ndi laisensi. Akakuuzani kuti mukumane kwawo, mutumize chithunzi cha chiphaso pa nambala yake, kapena mulipire ku akaunti yomwe ili m'dzina lake, imani kaye. Imbani nambala ya kampani yomwe yalembedwa pa mgwirizano wanu, ndipo ngati yankho silikugwira mtima, kadandauleni ku bungwe lomwe linapereka laisensiyo.