Khanda m'nyumba, mayeso pakhomo: uthenga kwa mayi woyamwitsa ndi apabanja pake

Uthengawu ndi wa inu amene mwangochira kumene pomwe mayeso a MSCE kapena a kukoleji ayandikira, komanso wa bambo a mwana, agogo ndi azakhali amene mukukhala nawo. Kuyambira 1993 boma la Malawi limalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu, choncho kulemba mayeso muli ndi mwana m'manja si chinthu chachilendo. Chimodzi mwa zimene zimavuta kwambiri ndi kusowa tulo.

Khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma modukizadukiza, ndipo limayamwa ka 8 mpaka 12, usana ndi usiku womwe. Ndandanda yanu yakale yowerengera siigwiranso ntchito, ilekeni. Werengani mphindi 20 kapena 30 mwana akangokhuta n'kugona, makamaka m'mawa mutu ukadali wopepuka. Akagonanso masana, inunso gonani, mbale zidikire. Zija zochezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira si za mayi woyamwitsa. Ubongo umasunga zimene mwawerenga pa nthawi ya tulo, ndiye munthu wosagona amabwereza tsamba limodzi kanayi osatolapo kanthu. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimapita mumkaka, mwana n'kumavuta kugona. Kapu imodzi kapena ziwiri za tiyi kapena khofi n'zokwanira.

Ngozi yaikulu ili pamene mukuwerenga usiku mwana ali pachifuwa, inu muli pampando. Mukasinza akhoza kugwa kapena kubanika m'khwapa mwanu. Tulo likayamba kukuvutani, mugonekeni chagada pamalo olimba, opanda pilo, muneti. Utsi wa koloboyi ndi mbaula umapweteka mapapo a khanda, ndipo kandulo pafupi ndi neti wawotchapo nyumba. Werengerani tochi kapena nyale ya sola.

Inu apabanja, thandizo lenileni ndi kuchapa matewera, kutunga madzi, kuphika, ndi kumunyamula mwana akakhuta kuti mayi agone maola angapo mosadukiza. Alendo obwera kudzaona mwana asambe m'manja, ndipo wa chifuwa kapena chimfine adikire kaye. Mwana akalira osatonthola, mupatseni wina kapena mugonekeni pabwino mutuluke pang'ono. Musamugwedeze mwaukali, chifukwa zimawononga ubongo.

Tsiku la mayeso

Miyezi 6 yoyamba mwana amafunika mkaka wa m'mawere wokha. Mayeso asakhale chifukwa chomuyambitsira phala, madzi kapena mankhwala azitsamba. Yambani kuphunzira kufinya mkaka kukadali masiku angapo, anamwino kapena alangizi a zaumoyo akuonetsani. Sambani m'manja ndi sopo, finyirani m'kapu yotsuka ndi madzi owira, vindikirani, muike pamthunzi pozizira. Kopanda firiji mkakawo ugwiritsidwe ntchito pasanathe maola 4. Wotsala ndi mwana am'mwetse ndi kakapu, atam'khazika tsonga pang'ono, kakapuko kakungokhudza mlomo kuti mwana azimwa yekha, osam'thirira m'kamwa. Botolo limavuta kutsuka ndipo limabweretsa kutsegula m'mimba. Ngati n'kotheka, womulera akhale pafupi ndi malo a mayeso kuti muyamwitse pepala likangotha. Ahedi auzeni msanga, osati m'mawa wa tsikulo.

Ngati muli pa ma ARV, musadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo mwana azimwa mankhwala ake monga anakuuzirani kuchipatala. Masiku a sikelo alembeni pa ndandanda yomweyo ya mayeso: katemera wa BCG (woteteza ku TB) ndi wa poliyo pobadwa, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14.

Zosadikira mayeso kutha

Thamangirani kuchipatala, ngakhale pepala lili mawa, mwana akasiya kuyamwa, akakomoka, akamapuma mofulumira kapena chifuwa chikamalowa m'kati, akatentha kapena kuzizira kwambiri, zikhatho ndi mapazi zikachita chikasu, kapena mchombo ukafiira n'kumatuluka mafinya. Khanda limafooka m'maola ochepa chabe. Inunso mayi, musapirire mukamataya magazi ambiri, kutentha thupi, kutuluka zonunkha, kapena mutu ukamapweteka kwambiri maso akuchita chidima.

Kulira popanda chifukwa masiku oyamba mutabereka kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha. Koma pakadutsa masabata 2 mudakali okhumudwa, tulo losabwera ngakhale mwana atagona, kapena mukuganiza zodzivulaza kapena kuvulaza mwana, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Uzani anamwino kusikelo, kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni. Amene munabereka mwa opaleshoni kapena mwana anabadwa masiku osakwana, kambiranani ndi adokotala komanso ahedi ngati n'koyenera kulemba chaka chino kapena kudikira chamawa.